Chotupa chomwe amachichotsera m'mphuno

Tatambasulani manja m'mbali, maso ayang'ane kutsogolo, kenako gwedezani zala. Mukuziona, eti? Alipo anthu omwe sangazione, chonsecho maso awo ali bwinobwino. Vuto limakhala pansi pa ubongo, pa kachiwalo kotchedwa pituitary, kochepa ngati njere ya nandolo.

Pamwamba pake penipeni ndi pomwe mitsempha ya maso imapingasana. Chotupa cha pituitary chikakula kupitirira sentimita imodzi chimatha kuipanikiza, ndiye munthu amayamba kugunda mafelemu a zitseko, njinga yobwera cham'mbali osaiona.

Zotupa zina zimatulutsanso mahomoni mopyola muyeso. Ikachuluka homoni yokulitsa thupi, munthu wamkulu kale amangodabwa nsapato zikuthina, mphete ikukana kuvuka, chibwano chikutuluka. Ikachuluka ina yotchedwa prolactin, mayi msambo umasiya, mkaka n'kumatuluka pomwe alibe khanda.

Madokotala amayamba ayeza mahomoniwo m'magazi, kenako amajambula mutu ndi MRI. Apa ndiye panga penipeni, ine wa physics! Makinawa sagwiritsa ntchito X-ray ayi. Maginito amphamvu, nthawi zambiri a 1.5 tesla, amafoletsa ma proton a haidrojeni omwe ali m'madzi a m'thupi. Mafunde a wailesi amawasuntha, ndipo pobwerera m'malo mwake amatulutsa timafunde tomwe kompyuta imasandutsa chithunzi.

Chotupa cha prolactin kawirikawiri chimafota ndi mapiritsi monga cabergoline. Zinazo zimafuna opaleshoni, koma nthawi zambiri sang'amba mutu: dokotala amalowetsa kakamera ndi tizipangizo m'mphuno mpaka kukafika pachotupapo.