Wokwera chombo cha m'mlengalenga amasayina kuti boma silinachiyeze

Basi yochoka ku Lusaka kupita ku Chipata ikawoloka mlatho wa Luangwa n'kuyamba kukhotakhota m'mapiri a ku Kacholola, okwera ambiri amakhala akuwodzera kapena kucheza. Palibe amene anasuzumira mabuleki, palibe anafunsa dalaivala za laisensi yake. Amangokhulupirira kuti a bungwe loona za pamsewu la RTSA anaiyeza basiyo n'kuipatsa fitinesi. Ntchito yanga yoyang'anira chitetezo cha ndege inamangidwa pa chikhulupiriro chomwecho. Koma munthu wogula mpando m'chombo cha kampani chopita m'mlengalenga ku America sapatsidwa chitsimikizo chotere, ndipo ndi lamulo la dzikolo limene linakonza kuti zikhale choncho.

Mu 2004 aphungu a ku America anapatsa bungwe la FAA, lomwe limayang'anira ndege, mphamvu pa maulendo a makampani onyamula anthu kupita m'mlengalenga. Roketi iliyonse ya kampani imafunika laisensi isananyamuke. Chimene akatswiri a FAA amayeza kwambiri ndi ngozi kwa anthu amene sali m'chombomo: midzi imene roketi idutse pamwamba pake, sitima zapanyanja, ndege zina. Wokwerayo amauzidwa polemba zoopsa zonse zodziwika, amauzidwanso kuti boma silinatsimikize kuti chombocho n'chabwino kunyamula anthu, kenako amasayina. Lamulo lomwelo linaletsa FAA kulemba malamulo atsopano oteteza okwera kwa zaka 8, pokhapokha patachitika ngozi yaikulu. Nthawi imeneyi anaitcha yophunzira. Inayenera kutha mu 2012, koma akhala akuitalikitsa mobwerezabwereza, ndipo tsopano yafika ku 2028.

Makampani amati zombo zawo n'zosiyana kwambiri kapangidwe, ndipo lamulo lolembedwa msanga likhoza kukakamiza onse kutsata njira imene siinayesedwe mokwanira. Mfundoyi ili ndi nzeru. Malamulo ambiri a ndege analembedwa pambuyo pa zaka zambiri zosonkhanitsa malipoti a zolakwika, ndipo zombo zimenezi zauluka maulendo ochepa kwambiri.

Komabe zimene zinachitika pa 31 October 2014 zimandivuta kuziiwala. Chombo cha SpaceShipTwo, chimene kampani ya Scaled Composites inapangira Virgin Galactic, chinali paulendo woyeserera pamwamba pa chipululu cha Mojave ku California. Chombocho chinali ndi mapiko akumbuyo amene amapindika kuti chichepetse liwiro potsika. Wothandizira woyendetsa, Michael Alsbury, anatsegula loko wa mapikowo nthawi isanakwane, mphepo inawapinda roketi ikuyakabe, ndipo chombo chinaphwasukira m'mwamba. Alsbury anafa; mnzake Peter Siebold anapulumuka ndi parachuti, atavulala kwambiri. Ofufuza ngozi a NTSB sanaimire pa dzanja la malemuyo. Anapeza kuti opanga chombo sanaganizire kuti woyendetsa wodziwa ntchito angalakwitse kamodzi kokha chombo n'kuwonongeka, ndipo anadzudzulanso mmene FAA inaunikira pempho la kampaniyo. Pa ndege zonyamula anthu, kulakwitsa kumodzi kokhoza kupha onse ndi chinthu choyamba chimene woyang'anira amasaka, ndipo akachipeza ndegeyo siinyamuka.

Boma la America limathandizanso makampaniwa ndi ndalama. Roketi ikawononga katundu wa anthu ena kupitirira inshuwaransi imene kampani inalamulidwa kugula, boma likhoza kulipira gawo lotsatira ngati aphungu avomereza. Thandizo lalikulu kwambiri ndi makontrakiti. Mu 2014 bungwe la NASA linapatsa Boeing ntchito ya madola 4.2 biliyoni ndi SpaceX ya 2.6 biliyoni kuti apange zombo zonyamula anthu ake kupita ku International Space Station. Apa boma linali wogula, choncho linaika miyezo yake ndi kuyeza chilichonse. SpaceX inanyamula Bob Behnken ndi Doug Hurley pa 30 May 2020. Chombo cha Boeing, Starliner, chinanyamula Butch Wilmore ndi Suni Williams mu June 2024, koma timainjini towongolera chombo tinavuta ndipo mpweya wa helium unkatayika. NASA inakana kuti awiriwa abwerere nacho. Chinatsika chopanda munthu mu September, iwo n'kubwerera mu March 2025 pa chombo cha SpaceX, ulendo wa masiku pafupifupi 8 utasanduka wa miyezi 9. Ena anati n'zochititsa manyazi. Ine ndinaona chitetezo chikugwira ntchito yake, chifukwa panali munthu wa mphamvu yokana amene salandira malipiro ku kampaniyo. Mlendo wodzilipirira yekha alibe womuimira wotere.

Zambia inalotapo za mlengalenga kale. Mu 1964 mphunzitsi Edward Mukuka Nkoloso ankaphunzitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka, kuphatikizapo mtsikana Matha Mwamba, powagubuduza m'migolo kuti azolowere ulendo wa m'mlengalenga. Anapempha UNESCO mapaundi 7 miliyoni koma sanapatsidwe, ndipo boma silinaikepo dzanja. Phunziro lowawa la kuyang'anira linabwera pambuyo pake: kuyambira 2009 mpaka 2016 makampani onse a ndege a ku Zambia analetsedwa kuuluka kupita ku mayiko a European Union chifukwa cha kufooka kwa ofesi yoyang'anira. Lamulo la 2012 lokhazikitsa Civil Aviation Authority linali mbali ya kukonza vutolo.

Mlimi wa ku Nyimba kapena ku Petauke sadzagula mpando wonga uja Mark Shuttleworth wa ku South Africa analipira madola pafupifupi 20 miliyoni mu 2002. Mbali ya malamulowa imene imamukhudza ndi ya zogwa kuchokera kumwamba. Pa 30 December 2024 chitsulo chozungulira cholemera pafupifupi makilogalamu 500 chinagwa m'mudzi wa Mukuku ku Kenya, ndipo bungwe la zamlengalenga la dzikolo linati chinachokera pa roketi. Pangano la mayiko la 1967 limati boma lililonse liyenera kuloleza ndi kuyang'anira makampani ake, ndipo la 1972 limati dziko loponya roketi lilipire zimene yawononga pansi ngakhale popanda umboni wa kusasamala.

Chinthu chotere chikagwa m'munda, ana asachiyandikire, ndipo anthu asachidule n'kukachigulitsa ngati zitsulo zakutha, chifukwa matanki ena amakhala ndi zotsalira za mafuta a poizoni otchedwa hydrazine. Auzeni amfumu ndi apolisi, jambulani zithunzi muli patali, ndipo lembani tsiku ndi zonse zimene zawonongeka. Pansi pa pangano la 1972, dandaulo limayenda kuchoka ku boma kupita ku boma linzake, ndipo liyenera kuperekedwa chisanathe chaka chimodzi kuchokera pa tsiku la ngoziyo kapena tsiku limene mwini roketi wadziwika.