Sienta ndi minibasi: yomwa mafuta kwambiri ndi iti?

Sabata yatha tinatsutsana m'kalasi mpaka belu kulira. Ambiri ankati Sienta ndiye yosamala mafuta, poti injini yake ndi ya malita 1.5 basi. Ine ndikuti anzanga, tisawerengere galimoto, tiwerengere munthu amene wakwera.

Tiyerekeze ulendo wa makilomita 60 pa M1, kulowera ku Jenda. Sienta ikamayenda makilomita 12 pa lita imodzi, imwa malita 5. Mipando ili 7, tikachotsa wa dalaivala itsala 6, ndiye munthu aliyense wamwa pafupifupi lita yathunthu. Minibasi ya Hiace tinene kuti ikuyenda makilomita 8 pa lita: malita 7.5. Gawirani anthu 15, ndi theka la lita basi! Nanga Land Cruiser ya malita 4.2 itanyamula bwana mmodzi yekha? Masamu amenewo pangani nokha.

Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.3 a mpweya wa carbon dioxide, ya dizilo 2.7. Mpweyawu suoneka ndi maso, koma ndi umene ukutenthetsa dziko n'kumasokoneza mvula. Utsi wakuda umene malole a matabwa amafuka pazitunda za ku Chikangawa ndi nkhani ina: umenewo ndi mwaye, umalowa m'mapapo mwathu.

Komatu sindikunena kuti tizithithikana anthu 11 mu Sienta ngati matumba a kachewere. Galimoto ikalemedwa imamwa kwambiri, ndipo pamtsetse mabuleki amavutika kuiimitsa.