Kodi Mumadziwa? Zimene Zimanyezimiritsa Penti wa Galimoto

Kodi mumadziwa kuti penti yense amene ali pa galimoto yatsopano ndi wopyapyala ngati pepala la m'kope? Kuyambira woteteza dzimbiri pansi mpaka wapamwamba penipeni, kukhuthala kwake kumangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Kuti mukwanitse milimita imodzi yokha, mungafunike kusanjikiza penti wa galimoto 7 kapena kuposerapo!

Nanga mukamasirira kufiira kwa galimoto ya mnzanu, mumayesa kuti wofiirayo ndiye akuwala? Ayi ndithu, penti wa mtundu akauma amakhala mbuu. Chimene chimanyezimira ndi penti wina wooneka ngati madzi amene amisiri amati clear coat, ndipo iyeyo amakhuthala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 20 a milimita, kuchepa kuposa tsitsi la anthu ambiri.

Mutu wa nkhani yonse ndi kusalala basi. Nyanja ikachita bata mumaonamo phiri ndi mitambo, koma kamphepo kakangodutsa zonse zimabalalika, chonsecho madzi ndi omwewo. Pentinso chimodzimodzi: timabampu tosaoneka ndi maso timamwaza kuwala, ndipo mungathire zitini 10 koma osadzionamo nkhope.

Kunyezimira amakupimanso ndi makina, mwadziwa? Galasi lakuda lopukutidwa bwino ndilo muyezo wake ndipo limapeza 100, pamene galimoto yopentedwa mwaluso imafika cha m'ma 90. Kalilole weniweni amatha kuyandikira 2,000!

Tsopano tibwere pakhonde panu, pamene mwaimika bampa pa njerwa ndipo chitini cha sipuleyi chili m'manja. Penti akauma n'kutuluka timatuza ngati khungu la lalanje, musafulumire kunena kuti anakugulitsani wachinyengo. Kawirikawiri dzanja linali kutali, ndiye timadontho tinayamba kuuma tili m'malere n'kufika pachitsulo titalephera kusungunukirana.

Mukayandikitsanso kwambiri, penti amayenderera n'kuuma ndi mizere yotsika. Pabwino ndi masentimita 20 mpaka 25, dzanja likuyenda liwiro limodzi, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, ndipo pakati pake pumulani mphindi 10 kapena 15.

Apa ndiye pali chodabwitsa chimene ine chimandikoma kwambiri: kuti penti awale, muyenera kuyamba mwamukanda! Akauma bwinobwino, mumatenga sandipepala yonyowetsa ndi madzi ya nambala 1500, kenako 2000, kenako 3000, iliyonse n'kumafufuta mikwingwirima ya inzake ndi kusiya ina yaing'ono kuposa. Nambala ikamakula timchenga timachepa, moti ta 2000 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita.

Mukayamba kukwecha, mtima umagunda, chifukwa penti amene amawala pang'ono uja amasanduka mbuu ndipo madzi oyera ngati mkaka amayenderera m'zala. Pukutani ndi kansalu muyang'anitsitse: timadontho tonyezimira timene tatsala ndi timaenje timene sandipepala sinafikemo. Tikatha tonse, pamenepo pasalala, ndipo polishi wokwechera akangodutsapo nkhope yanu imatulukira pachitsulo.

Koma chonde, m'mphepete ndi m'makona musalimbikire. Penti amathawa pamalo akuthwa akadali wamadzi, choncho pamenepo amakhala wochepa kuposa pena paliponse. Kungokwecha kangapo mopanikiza, mwaboola kale, ndipo pobooka palibe polishi amene angapakonze koma kupoperanso.

Kodi sandipepala yosaopa madziyi inachokera kuti? Anaitulukira Francis Okie wa ku Philadelphia, munthu amene ntchito yake inali kupanga inki yosindikizira mabuku, ndipo kampani ya 3M inagula luso lakelo mu 1921. Madzi anachepetsa fumbi limene amisiri ankapuma, m'masiku amene penti wambiri ankakhala ndi mtovu.

Sandipepala yomweyo inabala chinthu china chimene muli nacho m'dirowa. Mnyamata wa ku 3M, Richard Drew, ankapititsa sandipepala m'magalaja a ku St. Paul, ndipo anapeza amisiri akudandaula kuti zomatira zimene ankatchingira popenta galimoto za mitundu iwiri zinkamatuka ndi penti yemwe. Mu 1925 anawapangira tepi ya pepala yomatuka bwino, ndipo mu 1930 anatulutsanso tepi yoonekera ija timakutira mabuku.

Nanga mfuti yopoperera penti? Kholo lake linali chida cha kuchipatala: mu 1888 dokotala wa ku Toledo, Allen DeVilbiss, anapanga kachipangizo kopoperera mankhwala pakhosi pa odwala. Mwana wake Thomas anakasandutsa chopoperera penti mu 1907, ndipo dzina la DeVilbiss lidakali pa mfuti za penti mpaka lero.

Penti wa m'chitini cha sipuleyi anabwera mu 1949, Edward Seymour wa ku Illinois atamvera nzeru ya mkazi wake Bonnie, ndipo mtundu woyamba unali wa aluminiyamu. Kamene kamalira kuti gobede gobede m'katimo ndi kampira kovundulira penti amene wakhazikika pansi. Kakayamba kulira, pitirizani kukhutchumula kwa mphindi ziwiri zathunthu.

Ngati mukuona kuti kudikira tsiku limodzi n'kutaya nthawi, tamverani za makedzana. Galimoto zoyambirira ankazipaka vanishi ndi bulashi, kudikira aume, kukwecha, kupakanso, mpaka ntchito kutenga milungu ingapo. Ford naye anangosankha mtundu umodzi, moti kuyambira 1914 mpaka 1925 galimoto yake ya Model T inkatuluka yakuda yokhayokha.

Amene anathetsa vutoli ndi DuPont, kampani imene inayamba mu 1802 ndi kupanga wonga wa mfuti. Penti wake wotchedwa Duco anapangidwa kuchokera ku nitrocellulose, mbale wake wa mankhwala ophulika, ndipo anaonekera koyamba pa galimoto yabuluu ya Oakland ya 1924. Ntchito ya milungu inasanduka ya maola!

Mdani wamkulu wa wopenta ndi fumbi, ndipo ngakhale mafakitale a maloboti amapempha thandizo kwa mbalame. Pafakitale ya Ford ku Valencia, m'dziko la Spain, galimoto imadutsa pakati pa nthenga za nthiwatiwa zomangidwa pa zozungulira isanalowe kopoperedwa penti. Inu pakhomo nthiwatiwa mulibe, koma kuwaza madzi pansi ndi kupewa tsiku la mphepo kumapulumutsa boneti yonse.

Munaonapo timaenje tozungulira pa penti watsopano, timene amisiri amati maso a nsomba? Timabwera chifukwa cha mafuta kapena silikoni, amene amakankha penti kuti asagwire. Sipuleyi yonyezimiritsa matayala kapena dashibodi ikapoperedwa chapafupi ndi yokwanira kuwononga ntchito, ngakhalenso chidindo cha chala chimodzi chimene changogwira chipisi.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Mankhwala osungunulira penti akamauluka amaziziritsa chitsulo, ndiye ngati mpweya uli ndi chinyontho chambiri, timadzi timakhazikika pa penti n'kumusiya wotuwa ngati chifunga. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, tsiku la chiperoni chitini chikhale m'nyumba. Penti amakonda kouma, kotentha madigiri 20 mpaka 25.

Ili lokha ndikupemphani mulisunge pamtima. Clear coat wolimba kwambiri, amene amati 2K, amasakanizidwa ndi cholimbitsira chokhala ndi mankhwala a isocyanate, ndipo ku Britain bungwe la Health and Safety Executive linapeza kuti opopera penti wa galimoto amadwala mphumu maulendo makumi angapo kuposa antchito ena. Kansalu pamphuno kapena masiki ya fumbi sizitchinga kanthu. Pamafunika chophimba nkhope chobweretsa mpweya wabwino kuchokera kwina, ndipo ana asayandikire n'komwe.

Kodi mumadziwa kuti penti wouma pomukhudza amakhala asanamalize kuuma? Kufakitale galimoto imalowa mu uvuni wotentha pafupifupi madigiri 140 isanaikidwe mipando, mawaya ndi mapulasitiki, koma wanu wapakhonde amauma ndi mpweya wokha ndipo amapitiriza kutulutsa mankhwala kwa milungu. N'chifukwa chake opanga penti amalangiza kuti phula lotetezera lidikire masiku 30 mpaka 90.

Phula limenelo, likakhala lachilengedwe, kawirikawiri ndi carnauba, ndipo limachokera pa masamba a mtengo wa mtundu wa mgwalangwa umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, makamaka ku Piauí ndi Ceará. Alimi amadula masamba, kuwayanika padzuwa, n'kuwakuntha kuti ufa wa phulawo ugwe. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri pafupifupi 63, koma la carnauba limapirira mpaka kupitirira 80.

Ndipo mwina munalidyapo kale! Carnauba yemweyo ndi amene amanyezimiritsa masiwiti ambiri a chokoleti okutidwa ndi shuga, mapiritsi ena a kuchipatala, ngakhale maapozi a m'masitolo akuluakulu.