Msonkho pogulitsa nyumba ya masiye

Ambiri amene amafika ku khonsolo ndi nkhani za chuma cha masiye amadabwa akamva kuti kugulitsa nyumba imene makolo adasiya kungakhale ndi msonkho. Msonkhowu sapereka ku khonsolo. Amatolera ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, ndipo nkhani yake imabuka pa tsiku logulitsa nyumbayo, osati pa tsiku loilandira.

Sawerengera pa ndalama zonse zimene wogula wapereka, koma pa phindu lokha. Pa mtengo wogulitsira amachotsapo mtengo woyambira umene lamulo limavomereza, atauwongola molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu m'zaka zapitazo. Chotsalacho chimawerengedwa pamodzi ndi ndalama zina zimene munthu wapeza m'chakacho. Nyumba imene mwini wake amakhalamo ngati kwawo kwenikweni lamulo limaipatula, koma ya lendi ayi. Apa mpamene mabanja ambiri amakodwa, poti nyumba ya malemu kawirikawiri amaikamo alendi pamene abale akukambirana.

Choncho sungani mapepala. Lipoti la katswiri wowerengera mtengo wa nyumba, malisiti a simenti ndi malata, ndi kalata ya khoti yokupatsani mphamvu zoyendetsera chumacho pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, zonsezi zidzafunika. Popanda chiphaso cha MRA chotsimikiza kuti msonkho uli bwino, umwini susinthidwa, ngakhale wogula atalipira kale. Pitani ku MRA musanagawane ndalamazo, chifukwa kuitanitsanso gawo kwa m'bale amene wadya kale nkovuta.