KODI MASEWERA A PAFONI NDIWO AKUPHUNZITSA ANA ATHU NKHANZA?

Akulu adati, "Walira mvula walira matope." Ife a m'cigwa ca Luangwa tidalira mafoni zaka zambiri, ndipo adafikadi. Tsopano tayamba kuona matope ake.

Pa msonkhano wa mphakati kuno ku Kawaza, m'boma la Mambwe, mai wina adadandaula kuti mwana wao wa zaka 15 adamenya mng'ono wake mpaka kumcotsa magazi m'mphuno cifukwa ca masewera a pafoni. Bambo wina adati mafoni onse alandidwe, pakuti mwana wowombera anthu pafoni mawa adzanyamula mfuti yeniyeni. Mphunzitsi wina wacinyamata adayankha kuti ife tomwe tidakula ndi malegeni koma sitidasanduke zigawenga. Tidabalalika osamvana.

Tiyambe tadziwa masewerawo. Free Fire adatuluka m'caka ca 2017, PUBG Mobile mu 2018. Kupyolera pa intaneti, anthu 50 kapena 100 a m'maiko osiyanasiyana amatsitsidwa pa cilumba cimodzi. Aliyense amatola zida nayamba kuwombera anzake, ndipo wotsala ndiye wapambana. Kholo loona zimenezi silingalephere kucita mantha.

Koma ofufuza apeza zotani? Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Oxford adafunsa ana oposa 1,000 a zaka 14 ndi 15 ku Britain, pamodzi ndi owalera, ndipo sadapeze kuti osewera kwambiri masewera a nkhondo ndiwo a ndeu kuposa anzao. Mu 2020 bungwe la American Psychological Association lidati masewerawa angaonjezere pang'ono kukalipa ndi kukankhana, koma palibe umboni wokwanira wakuti ndiwo amacititsa munthu ciwawa ceniceni.

Kodi tigone tulo tsono? Iai. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidavomereza kuti kulephera kusiya masewerawa, mpaka kutaya sukulu, nchito ndi abale, ndi matenda, ngakhale kuti amagwira ocepa mwa osewera. Apa mpamene pagona nkhani.

Masewerawa adakonzedwa mwanzeru kuti munthu asawasiye. Bwalo la nkhondo limacepacepa, kotero kuti palibe mpata wopuma. Sungawaimitse pakati, cifukwa enawo sakudikira. Kawirikawiri amasewera m'magulu a anthu anai, ndipo wocokapo wataya anzake, naonso amamnyoza. Wolowa tsiku lililonse amalandira kamphatso. Kulowa nkwaulere, koma zovala zokongola za msilikali wako nzogula, osawerengera mabandulo.

Tidabwerera kwa mai uja kukafunsa bwino. Mnyamatayo adacezera foni usiku wonse. Madzulo ake mng'ono wake adatumidwa kukamuitana kuti apite ku msanja kukalonda njovu, popeza cimanga cinali citakhwima. Ataona kuti mkulu wake sakumva, adamtsomphola foni nkhondo ili pakati. Comwe cidautsa cibakera ndi tulo tosagona, ndalama zotayika ndi manyazi pamaso pa anzake osaoneka. Usiku womwewo njovu zidalowa m'munda.

Taganizani za nsolo. Namonso timadyerana miyala mopanda cifundo, koma mnzako ali pamaso pako, akulu ali pambali, ndipo dzuwa likalowa masewera atha. Makolo athu adaikira masewera ao malire. A pafoni alibe dzuwa lolowa, motero malirewo tiyenera kuika ndife.

Makolo anzathu, kulanda foni mwaukali kumangophunzitsa mwana kubisa. Khalani naye pansi, akuonetseni mmene amasewerera ndi amene amalankhula nao. Panganani nthawi: nchito ya kusukulu ndi ya kumunda iyambe yatha, ndipo usiku foni igone kwa makolo. Nthawi ikayandikira mcenjezeni, kuti asayambe nkhondo ina. Ndalama zogulira mabandulo zidziwike kumene zacokera. Ndipo ngati ife tomwe ticezera Facebook mpaka tambala woyamba, mau athu adzakhala opanda mphamvu.

Inu acinyamata, kumbukirani Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene adamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV adamlengeza kukhala woyera pa 7 September 2025. Iye ankakonda masewera a pakompyuta monga inu, koma adadziikira yekha ora limodzi pa sabata. Sadawataye, adawalamulira.

Mnyamata wa ku Kawaza uja adapepesa mng'ono wake pamaso pa amalume ao, ndipo foni adambwezera pa pangano. Cimanga cokha ndico sicidabwerere. Mmera mpoyamba, abale: tisadikire kuti njovu zidzatiphunzitse.