Kupaka Njereza ndi Penti M'kati mwa Nyumba

Mlimi akagulitsa fodya, thonje kapena mtedza, gawo lina la ndalamazo limapita ku nyumba: malata, simenti ndiponso penti. Komabe si zachilendo kuona penti wogulidwa ndi thukuta la chaka chathunthu akusendeka dzinja loyamba lisanathe. Kawirikawiri vuto silikhala la penti ayi, koma la khoma lomwe linapakidwa lisanaume. Alangizi ayenera kuyambira pamenepa pamene alikukambirana ndi alimi za ntchitoyi.

Pulasitala wa simenti amafuna masiku 28 kapena kuposerapo asanapakidwe penti. Ngati pakhoma patuluka ufa woyera wonga mchere, ndiye kuti m'kati mukadali chinyontho. Ufawo usesedwe ndi burashi youma, osautsuka ndi madzi. Ming'alu imatidwe, ndipo mwaye wa m'khitchini uchotsedwe kaye, chifukwa umabooleza penti ndi kuonekanso pamwamba.

Pa khoma lomata ndi dothi, kapena la njerwa zosaotcha, njereza ndiyo yoyenera. Khoma lotere limamwa chinyontho ndi kuchitulutsanso, ndipo njereza siitseka njira imeneyi. Penti wamafuta amatsekereza chinyonthocho m'kati, kenaka amatupa nayamba kugwa pamodzi ndi dothi. Njereza ndi yotsika mtengo, imawalitsa chipinda ndiponso imachepetsa chuku. Miyala yake imapezeka m'chigawo chathu chomwe chino, monga ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka ndi ku Lirangwe ku Malaŵi, komanso ku Ndola ku Zambia.

Pali cholakwika chimodzi chomwe alangizi a zaulimi ndiwo angachiletse msanga. Laimu wothira m'munda pochepetsa asidi wa m'nthaka ndi mwala wongoperedwa, ndipo sagwira pakhoma: akauma amayoyoka ngati ufa. Njereza yopaka ndi mwala womwewo, koma wootchedwa mu uvuni ndi kuthiridwa madzi. Ikapakidwa imakoka mpweya wa carbon dioxide ndi kusandukanso mwala pang'onopang'ono. N'chifukwa chake siyenera kuuma mofulumira. Miyezi yozizira ya June ndi July ili bwino kusiyana ndi October, pomwe kutentha kumaiumitsa isanalimbe.

Njereza ya m'thumba isungunulidwe m'ndowa, muyeso umodzi ku miyeso iwiri kapena itatu ya madzi, igone usiku wonse, kenaka isefedwe ndi nsalu. Ikhale ngati mkaka, osati ngati phala. Khoma liwazidwe madzi pang'ono musanayambe kupaka, ndipo ntchito iyambire kumwamba. Njereza yaiwisi imaoneka ngati madzi chabe, motero anthu ambiri amaonjezera ufa poganiza kuti yachepa mphamvu. Kumeneko ndi kulakwitsa, popeza kuyera kumabwera ikamauma, ndipo njereza yolimba imang'ambika. Kupaka katatu mopyapyala, kulekeza tsiku limodzi pakati, ndiko kumakhalitsa. Wopakayo ateteze maso ndi manja chifukwa njereza imaotcha. Ikalowa m'diso, disolo litsukidwe ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali ndipo munthuyo apite kuchipatala.

Pa pulasitala wa simenti wouma bwino, penti wamadzi wa PVA ndi wokwanira m'zipinda. Penti wamafuta akhale wa zitseko ndi mawindo, ndipo popaka mawindo onse atsekulidwe. Penti wina wamafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi mtovu, womwe umaononga ubongo wa ana. Malire omwe mabungwe a United Nations amalimbikitsa ndi magawo 90 pa miliyoni imodzi. Penti wakale asapalidwe ali wouma ana ali pafupi, ndipo zitini zake zisasungirwemo madzi akumwa, ufa kapena mbewu.

M'madera omwe nyumba zimapoperedwa mankhwala opha udzudzu, kupaka kuchitike opopera asanafike. Njereza kapena penti wopakidwa pambuyo pake amakwirira mankhwalawo, ndipo banja limagona mopanda chitetezo m'nyengo yomwe malungo amachuluka. Mlangizi afunse kwa anzake a zaumoyo mwezi womwe kupopera kudzayambe, ndipo adziwitse alimi asanagule njereza.