Bondo lotupa sikuti nthawi zonse ndi nyamakazi

DEDZA: Munthu yemwe chitetezo cha m'thupi mwake chatsika akatupa bondo kapena chigongono kwa miyezi, ambiri amathamangira kunena kuti ndi nyamakazi. Komatu nthawi zina chimayambitsa vutoli ndi tizilombo ta fangasi, ta gulu limodzi ndi toyambitsa chipere, tikalowa molumikizana mafupa.

Pali mtundu wa nyamakazi umene umadza pamene chitetezo cha munthu chayamba kulimbana ndi thupi lake lomwe. Nyamakazi imeneyi kawirikawiri imagwira zala za manja onse awiri, ndipo madotolo amaiziziritsa ndi mankhwala ofooketsa chitetezo monga prednisolone. Fangasi amakonda kugwira mfundo imodzi, pang'onopang'ono, mwinanso thupi osatentha. Wodwala wotereyu akalandira prednisolone ululu umayamba wachepa, koma tizilomboto timapeza mpata woswana ndi kuwononga fupa.

Nkhaniyi ikukhudza madera a kunsi kwa boma la Dedza monga Mua, Golomoti ndi Mtakataka kaamba ka ntchito zomwe anthu amagwira. Fangasi wotchedwa Sporothrix amakhala m'dothi, m'udzu ndi m'mitengo, ndipo amalowera pabala la munga pamene munthu akulima kapena kumweta udzu. Pakati pa 1941 ndi 1944 fangasiyu adagwira anthu pafupifupi 3,000 m'migodi ya golide ku South Africa kudzera m'mitengo yochirikizira migodi. Wina, Cryptococcus, amapezeka m'zitosi za nkhunda. Amadziwika ndi matenda oumitsa khosi, koma mwa apo ndi apo amagwiranso mafupa.

Omwe ali pachiopsezo kwambiri ndi anthu okhala ndi HIV amene CD4 yawo yatsika pansi pa 200, makamaka omwe adasiya ma ARV, odwala shuga kapena khansa, ndiponso omwa prednisolone kwa nthawi yaitali, kuphatikizapo ogula okha popanda chilolezo cha dotolo.

Maso okha sangasiyanitse matendawa, ndipo TB ya m'mafupa, yomwe ndi yofala kuposa fangasi, imaonekanso chimodzimodzi. Pamafunika kupopa madzi a m'bondomo kapena kudula kamnofu n'kukayeza ku labotale. Apa mpomwe akuluakulu a zaumoyo ali ndi udindo: kuonetsetsa kuti zipatala zing'onozing'ono zikutumiza odwala otere msanga ku chipatala cha mishoni cha Mua kapena cha boma ku Dedza, komwe angawatumizenso ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Fangasi wa Sporothrix akafika m'mafupa, mankhwala a itraconazole amamwedwa kwa chaka kapena kupitirira apo, choncho bajeti ya mankhwala iyenera kuganizira zimenezi.